Mbiri ya dizayini iyambire pa mbendera ndi chitenje

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo za momwe ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite akuphunzirira mbiri ya dizayini. Ndili ndi kashopu kosindikiza makalendala, makhadi a ukwati ndi zikwangwani, ndipo pa tchuthi ndimalandira ophunzira odzazolowera ntchito. Pa kompyuta ndi akatundu, CorelDRAW ndi Photoshop amaziyendetsa kundiposa. Koma ukawafunsa chifukwa chomwe asankhira zilembo zakutizakuti kapena mtundu wofiira, yankho ndi limodzi: "Zikungooneka bwino, bwana." Phunziro la mbiri amati n'loloweza mayina a azungu ndi zaka, mayeso akatha n'kuiwala.

Ndamvapo ena akuti phunziroli lingochotsedwa kuti ana azikhala nthawi yambiri pa kompyuta. Ine ndikukana. Chofunika kusintha ndi poyambira pake.

Sabata yoyamba mphunzitsi alowe m'kalasi ndi mbendera ziwiri. Imodzi ndi ya 1964, yakuda pamwamba, yofiira pakati, yobiriwira pansi, ili ndi dzuwa lofiira lotuluka. Inayo ndi ya 2010, pamene boma la Bingu wa Mutharika linakweza chofiira pamwamba n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, ponena kuti dziko latukuka, kwacha kale. Anthu ambiri sanailandire, ndipo mu 2012 aphungu anabwezeretsa yakale ija. Mitundu itatuyo sinachoke, koma kusuntha dzuwa kunautsa mapiri pachigwa. Wophunzira akakambirana zimenezi ndi anzake wagwira kale mutu wa phunziro lonse, woti chojambula chimanena kanthu ndipo eni ake akhoza kuchikana. Ambiri a iwo anali ana aang'ono nthawi imeneyo, choncho kwa iwo iyi ndi mbiri ndithu.

Sabata yachiwiri aliyense abweretse chitenje cha mayi ake. Timachitcha chathu, ndipo n'chathudi, koma njira yake ndi yaitali. Luso lopaka phula pansalu asanainyike mu utoto ndi la ku Java, ku Indonesia, komwe amati batik. Anthu a ku Netherlands, omwe ankalamulira zilumbazo, anayamba kutsanzira batik ndi makina. Kampani ya Vlisco ya mumzinda wa Helmond m'dzikolo, yomwe inayamba mu 1846, ndi imodzi mwa zomwe zinalowa m'malondawa. Ku Java nsalu za makinazo sizinayende malonda, zinakapeza msika kumadzulo kwa Africa, komwe amayi ogulitsa anayamba kuzipatsa mayina ndi kuuza opanga zomwe anthu akufuna. Kuno kwathu fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inasindikiza zitenje zambirimbiri, ndipo lero chitenje chimanyamula nkhope ya wandale, chaka cha mpingo, ngakhale uthenga wa zaumoyo. Ana ayale zitenjezo pansi, aone pomwe chithunzi chikubwerezedwa, awerenge mitundu yomwe yadindidwa, aone m'mphepete ngati mwalembedwa komwe chinapangidwa. Kenako afunsidwe: nkhope ija ikhala pati mayi akavala? Wojambula amene sanaganizirepo zimenezi amaika nkhope ya munthu wolemekezeka pomwe mayi amakhalira. Ife osindikiza timadziwa manyazi ake.

Sindikunena kuti za ku Ulaya zitayidwe. Sukulu ya dizayini ya ku Germany yotchedwa Bauhaus, yomwe Walter Gropius anatsegula ku Weimar mu 1919, n'kusamukira ku Dessau mu 1925, ndi kutsekedwa ku Berlin mu 1933 chifukwa cha chipani cha Nazi, inangokhala zaka 14, koma mipando ya zitsulo zopinda ya m'maofesi mwathu ndi zilembo zopanda michira za pa zikwangwani zili ndi magazi ake. Chomwe chimandiwawa n'choti ana amaloweza zaka zimenezi osauzidwa momwe a Bauhaus eni ake ankaphunzitsira. Wophunzira watsopano aliyense ankayamba ndi kosi yogwira zinthu ndi manja, pepala, thabwa, nsalu, waya. Mmodzi mwa aphunzitsi ake, Josef Albers, ankawapatsa nyuzipepala zakale kuti azipinde ndi kuzidula mpaka adziwe zomwe pepala lingathe. Ndiye ife tikuphunzitsiranji sukulu yotereyi pongolemba manotsi pa bolodi?

Mwana amene wayamba wasanthula chitenje, akafika pa Bauhaus amakhala ndi mafunso ake. Amafunsa kuti anthuwa ankadana nazo bwanji zokongoletsa, pomwe agogo ake mphika wa dothi saausiya osaulemba mizere pakhosi. Mkangano umenewo ndiwo phunziro lomwe tikufuna, ndipo mphunzitsi asathamangire kuuthetsa.

Za ndalama ndikuzidziwa, makalasi ndi odzaza ndipo mabuku ndi ochepa. Komabe ulendo umodzi pachaka wa ku Dedza sungagwetse yunivesite. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, ndipo ku Mua kuli nyumba ya zachikhalidwe ndi zaluso ya KuNgoni, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe kuli nkhope za gule wamkulu mazanamazana. A ku Blantyre angoyenda wapansi kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri a kuno kuyambira 1888 mpaka 1891, iye asanaphunzirepo za mapulani a nyumba.

Pempho langa lomaliza likupita kwa okonza mayeso. M'malo mofunsa chaka chomwe Bauhaus inatsekedwa, muikireni wophunzira patebulo ndalama ya pepala ya K2000 kapena paketi ya shuga, afotokoze kuti zilembo, mitundu ndi zithunzi zake zinachokera kuti, ndipo zikulankhula ndi ndani. Amene angayankhe funso limenelo ndidzamulemba ntchito mawa lomwe.

Wosindikiza,
Limbe