Ufa ndi dzuwa zingatsuke madzi a m'fakitale, osati nyanja yonse ya Chivero

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi abale anga olankhula Chichewa amene tikukhala muno mu Harare, makamaka a ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Dzivarasekwa, pa nkhani ya madzi amene timamwa. Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale kwa zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, ndipo masiku ano ndikumva achinyamata ophunzira akukamba mwachidwi za njira yoyeretsera madzi oipa pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa ndi ufa woyera wotchedwa titanium dioxide. Njirayi ndi yeniyeni ndipo ndikuikonda, koma ndikuopa kuti ena ayamba kuitenga ngati mankhwala ochiza matenda onse a madzi athu.

Wina aliyense wa muno amadziwa kuti mzindawu umamwa madzi ake omwe wataya. Nyanja ya Chivero, imene inamangidwa m'chaka cha 1952 pa mtsinje wa Manyame, ili kumunsi kwa mzinda, kotero chilichonse chimene mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba yatola m'makomboni ndi m'mafakitale chimakathera m'nyanjamo, ndipo madziwo amakokedwanso kupita ku Morton Jaffray kuti ayeretsedwe n'kubwerera m'mipope yathu. Sitinaiwale kolera ya mu 2008 ndi 2009 imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, kapena ya mu 2018 imene inavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa m'nkhalango ya m'mbali mwa nyanjayi zitamwa madzi okhala ndi poizoni wa ndere.

Mdzukulu wanga amene akuphunzira sayansi kuyunivesite ndiye anandionetsa njirayi ndi maso. Tsiku lina Loweruka anabwera ndi mabotolo awiri agalasi, nathira m'menemo madzi a pampopi osakaniza ndi utoto wabuluu. M'botolo limodzi anawonjezeramo kaufa koyera kochepa kwambiri, analikhutchumula mpaka madzi anaoneka ngati mkaka wosungunula, ndipo onse awiri anawaika pampanda wa njerwa pomwe agogo ake amayanikapo mfutso. Pofika madzulo, ufa utadikha pansi, botolo limenelo linali litayera, pamene linzake linali likadali labuluu. Agogo ake anafunsa kuti, "Kodi utoto uja wapita kuti, mwanawe, poti sunausefe?" Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani yonse.

Utotowo sunasefedwe, unaphwanyidwa. Cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chimene chimatchedwa UV, chikagunda kanjere ka ufawu chimasuntha maelekitironi ake, tinthu ting'onoting'ono tonyamula mphamvu ya magetsi, ndipo zimenezi zimachititsa kuti madzi ndi okosijeni zokhudzana ndi kanjereko zisanduke tizidutswa taukali kwambiri totchedwa hydroxyl radicals. Tizidutswati timaluma mamolekyu (tinthu ting'onoting'ono topanga chinthu) a utoto, a mankhwala ophera tizilombo m'munda ngakhalenso a mankhwala a kuchipatala, n'kumawaduladula mpaka, ntchito ikafika kumapeto, patsale madzi, mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi timchere tochepa. Ufawo sutha, umatha kugwiranso ntchito, n'chifukwa chake azasayansi amautcha catalyst. Mphamvu ya titanium dioxide pa kuwala inatchuka mu 1972, pamene Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti imatha kugawa madzi kukhala mpweya wa haidrojeni ndi wa okosijeni ikawalidwa, ndipo ku Almería m'dziko la Spain akatswiri akhala zaka zambiri akuyesa njirayi pa madzi oipa powayendetsa m'mapaipi agalasi oyalidwa padzuwa. Ufawu si wachilendo ayi, chifukwa ndi womwe umayeretsa penti wa m'nyumba zathu, ndipo umapezekanso m'mafuta odzola otchinga dzuwa.

Ine ndinamuuza mnyamatayo kuti akatunge madzi a mumtsinje wa Marimba tiyesenso. Anabwera nawo otuwa, onunkha, ndipo titachita chimodzimodzi, dzuwa linalowa utoto usanathe. Apa m'pamene pali chenjezo langa loyamba. Kuwala sikulowa m'madzi a matope, ndipo zonyansa za m'suweji zikachuluka tizidutswa tija timathera mphamvu pa zonyansazo tisanafike pa mankhwala amene tikufuna kuphwanya. Komanso titanium dioxide wamba amadzutsidwa ndi cheza cha UV chokha, chimene ndi pafupifupi magawo 5 okha mwa magawo 100 a mphamvu ya dzuwa yofika pansi pano. Ofufuza akuyesa kusakaniza ufawu ndi zinthu ngati nayitrojeni kuti uzigwira ntchito ndi kuwala kooneka, koma zambiri mwa zimenezi zikadali m'malabotale.

Chenjezo lachiwiri ndi lakuti kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti poizoni watha. Molekyu ikadulidwa pakati mtundu umatha msanga, koma zidutswa zotsalazo nthawi zina zimakhala zoopsa ngati chinthu choyamba chija, ndipo zimafunika nthawi yowonjezera padzuwa ndiponso kupimidwa bwinobwino. Botolo la mdzukulu wanga lija sindinalole kuti wina aliyense alawe. Ufawo nawonso uyenera kuchotsedwa m'madzi ntchito ikatha, ndipo popeza njere zake ndi zazing'ono kwambiri, kuusefa n'kovuta. Ena amaumata pagalasi kapena pamatailosi kuti usayandame, koma akatero liwiro la ntchito limatsika.

Chachikulu pa zonse n'chakuti matenda enieni a Chivero ndi chakudya cha zomera, fosifolasi ndi nayitrojeni zochokera m'zimbudzi, zimene zimanenepetsa ndere ndi namasupuni. Ufa ndi dzuwa sizichotsa fosifolasi, ndipo zitsulo zoopsa ngati mtovu sizingaphwanyidwe n'kutha monga utoto. Ntchito imeneyo ndi ya malo oyeretsera suweji ngati Firle ndi Crowborough, momwe tizilombo ting'onoting'ono timadya zonyansazo, ndiponso ya mapaipi osaphulika amene amafikitsa suweji kumeneko m'malo moitayira m'misewu ndi m'madambo. Amene angatiuze kuti tidumphe zimenezi n'kuthamangira ufa watsopano akutinamiza.

Pamene njirayi ingatithandize ndi pakhomo potulukira madzi a fakitale ndi a chipatala, madziwo asanasakanizike ndi suweji ya mzinda wonse. Kumeneko madzi amakhala ochepa, mankhwala ake amadziwika, ndipo angathe kudikhitsidwa ndi kusefedwa kaye kuti kuwala kulowe. Utoto wa nsalu, mankhwala ophera tizilombo ndi zotsalira za maantibayotiki ndi zinthu zimene tizilombo ta m'malo oyeretsera suweji timalephera kudya zonse, ndipo ndi zomwezo zimene njira ya dzuwa imazitha. Dzuwa la mu Harare kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mitambo itachoka, ndi laulere. Ndikupempha mayunivesite athu kuti asiye kukhutira ndi utoto wabuluu wa m'botolo, ayese njirayi ndi madzi enieni ochokera m'mafakitale a ku Workington, Southerton ndi Willowvale, ndipo alengeze zotsatira zake ngakhale zitakhala zokhumudwitsa, pamodzi ndi mtengo woyeretsera malita 1,000 alionse.

Kwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi pali china chotikhudza. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kunapezeka mchenga wochuluka wa rutile, umene ndi titanium dioxide wachilengedwe. Sindikunena kuti mchengawo ungathiridwe m'madzi momwe ulilimo, pakuti mtundu umene umagwira bwino ntchitoyi ndi wotchedwa anatase, ndipo umafuna kukonzedwa m'fakitale. Ndikungofuna kuti pamene akuluakulu akukambirana za mgodiwo, wina afunse ngati gawo lina la mchengawo lingakonzedwe kwathu ku Malawi m'malo motumizidwa lonse kunja.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Mufakose, Harare