Tisamangodalira madontho a vitamini D kwa makanda obadwa masiku osakwana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za makanda olemera osafika magalamu 1,500 amene ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Mwana amalandira kashiamu ndi fosifolasi wambiri (michere yomanga mafupa) kuchokera kwa mayi m'miyezi itatu yomaliza ya pathupi. Akabadwa msanga, mafupa ake amakhala osakhwima, ndipo mkaka wa m'mawere, ngakhale ndi wabwino koposa, uli ndi vitamini D wochepa kwambiri.

Khandalo likayamba kulandira mkaka, kaya kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, limafunika mayunitsi a vitamini D pafupifupi 400 patsiku, osapitirira 1,000. Cholakwika chofala ndi kuwerengera madontho okha n'kuiwala vitamini D amene ali kale mu ufa wowonjezera michere umene umathiridwa mu mkaka wa m'mawere. Vitamini D akachuluka, kashiamu amakwera m'magazi n'kuyamba kuundana mu impso.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mafupa a ana amenewa amafooka makamaka chifukwa chosowa fosifolasi ndi kashiamu. Pakati pa sabata 4 ndi 6 atabadwa ayezedwe magazi kuti tione fosifeti (fosifolasi wa m'magazi) ndi alkaline phosphatase (chinthu cha m'magazi chimene chimakwera mafupa akamafooka). Tikangowonjezera madontho osayeza, nthiti zikhoza kuthyoka ngakhale pomutembenuza mwana.

Wosamalira makanda