Kwa mnzanga wa ku Leeds, za kagalimoto kofiira kaja

Aise,

Zithunzi zija zafika, ndipo uthenga wako wa mawu wa mphindi 11 uja ndaumvera mpaka kumapeto, kawiri konse. Ndasankha kulemba chifukwa ndimakudziwa. Ndikanakutumizira mawu, ukanamvera poyambirira pokha pamene ndikuyamikira, kenako n'kuthamangira kubanki.

Kagalimotoko n'kokongola, zimenezo sindikana. Mazda MX-5 ya 2010, yofiira ngati tomato wa pa Lizulu, giya yamanja, mipando iwiri basi, denga lopinda. Ndakumbukira tili ku sekondale, iwe ukudula zithunzi za galimoto m'magazini akale n'kumata mkati mwa chivindikiro cha sutikesi. Ndiye sindikuuza kuti usagule. Wagwira mashifiti a usiku zaka zinayi, nyumba ya ku Machinjiri wafolera, ana ali pasukulu. Munthu amafunika kudzithokozako. Chimene chandidzutsa pampando ndi mawu a wogulitsayo, akuti galimoto imeneyi sigwa mtengo, kuigula n'chimodzimodzi kusunga ndalama. Pamenepo ndiye tikambirane, poti mnzako ndinalawapo kale.

Ukuikumbuka Toyota 86 yanga yoyera ija? Inali ya 2013, ndinaitanitsa ku Japan mu 2021. Inatsikira pa Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe, ndipo nditawonkhetsa zonse, mtengo wake, sitima, dalaivala woibweretsa, msonkho wa MRA ndi ziphaso, inandidyera K14 miliyoni. Tsiku loyamba ndinapita nayo ku Zomba, n'kukwera mpaka ku Chawe, kutsika, kukweranso, popanda chimene ndimakatenga kumtundako. Pamakona paja imakhota ngati yamva kale zimene ukuganiza. Injini yake ndi ya Subaru, yogona chafufumimba, ndiye galimoto yonse imakhala pansi kwenikweni. Kukoma kwake kunali komweko, mavuto akenso anali omwewo. Kuchokera pansi kufika pamimba pake ndi masentimita 13 okha. Hampu iliyonse ndimaikwera chammbali ngati nkhanu, maminibasi akuimba mahutala kumbuyo, anyamata a kabaza akuseka. Mvula ikagwa, msewu wolowera kunyumba kwathu umasanduka ngalande, ndiye galimoto imagona kwa aneba akumtunda, ine n'kutsika wapansi nsapato zili m'manja. Tsiku lina ndinapita kukasinthitsa mapulagi. Makaniko anatsegula boneti, anayang'ana, anazungulira, n'kundifunsa kuti, "Bwana, mapulagiwo anawaika kuti?" Ali m'mbali, mothina, moti kuti dzanja lifikepo injini imafunika kuinyamulako pang'ono. Ntchito ya theka la ola pa Corolla inatenga tsiku lonse.

Ndinaigulitsa kumayambiriro kwa 2024 pa K20 miliyoni. Anzathu kumpira ankandigwira chanza, amvekere wadya nayo bwino, galimoto waiyendera zaka zitatu n'kupindulanso K6 miliyoni. Inenso kwa sabata yathunthu ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Anandidzutsa ndi alamu ako, ndi pensulo, kuseri kwa lisiti ya magetsi. Pamene ndimagula, dola inali pafupifupi K800, ndiye K14 miliyoni inali madola 17,500. Kwacha anaigwetsa mu Meyi 2022, n'kudzaigwetsanso mu Novembala 2023, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Gawa wekha K20 miliyoni ndi 1,700: sikwana madola 12,000, ndipo umenewo ndi mtengo wa kubanki, kumene dolayo sumaipeza n'komwe. Galimoto inagwa mtengo monga zimachitira zinzake zonse, kungoti kwacha inagwa mothamanga kuposa galimotoyo. Kuno aliyense amene wagulitsa galimoto zaka zimenezi amati wapindula, koma umuuze akaitanitse ina yonga yomweyo, aona kuti ndalama ija sikwana.

China chimene sindinakuuze n'chakuti inatenga miyezi isanu kuti ipeze mwini. Anthu ankabwera ambiri, koma ambiriwo kudzajambulitsa. Mmodzi anakhala pachiwongolero, anaiwomba moto, n'kufunsa ngati kumbuyoko kungalowe matumba a chimanga. Madobadoba ankangoimba foni kuti ali ndi kasitomala wotsimikiza, kasitomalayo osaoneka. Mwezi womwewo aneba anga anagulitsa Sienta yawo yokalamba, yopindika chitseko, m'masiku awiri, chifukwa Sienta mawa lake imayamba kunyamula anthu n'kumabweretsa ndalama. Mtengo wa galimoto umakhala m'thumba la munthu amene waima pakhomo pako ndi ndalama, ndipo ofuna galimoto ya zitseko ziwiri mu Blantyre muno ukhoza kuwawerenga ndi zala.

Kumeneko zinthu n'zosiyana, ndipo apa wogulitsa uja ali ndi kachoonadi pang'ono. MX-5 ku Britain ili ndi anthu ake: makalabu, magalaja amene amakonza iyo yokha, masipeya paliponse. Ndiponso ya zaka zoposa khumi yagwa kale kugwa kwakukulu. Galimoto yatsopano imaluza kwambiri zaka zitatu zoyambirira, ndipo chilonda chimenecho anachimva ndi amene anaitulutsa m'shopu. Iwe ukuigula itafika poti mtengo umangotsetsereka pang'onopang'ono. Ukaisamala, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ukhoza kuigulitsa pamtengo wosatalikirana kwambiri ndi mapaundi 4,800 akutchulawo. Koma zoti ikwera, iwalako. Mazda anayamba kupanga MX-5 mu 1989, ndipo pofika 2016 anali atapanga miliyoni imodzi. Yakoyo ndi ya m'badwo wachitatu, umene amautcha NC, wa 2005 mpaka 2015, ndipo ukatsegula Auto Trader, tsamba la pa intaneti logulitsirapo galimoto, lero upeza zambirimbiri. Chinthu chopezeka chonchi sichikwera mtengo msanga.

Zimene zinakweradi zilipo, ndipo ndi zimene ogulitsa amakonda kutchula kuti akukope. Nissan Skyline GT-R ya R34, Toyota Supra ya injini ya 2JZ, Honda S2000. Koma taona chifukwa chake. Zonsezi anasiya kupanga kalekale, Skyline ndi Supra imeneyo mu 2002, S2000 mu 2009. Zambiri zinathera m'ngozi kapena m'manja mwa anyamata oziseweretsa, ndiye zabwinobwino zatsala zochepa. Ana amene ankaziyendetsa pa PlayStation pano ndi azibambo a ndalama, akugula ubwana wawo. Komanso ku America kuli lamulo loti galimoto imene sinagulitsidweko ikhoza kulowa mosavuta ikakwana zaka 25, ndiye R34 zoyambirira za 1999 zitangokwana zaka zimenezo mu 2024, msika waukulu unatseguka. Ngakhale pa MX-5 pomwepo, zimene zikusowa ndi zoyambirira zija za nyali zotuluka ngati maso a chule, ndipo zikusowa chifukwa zinzake zinadyedwa ndi dzimbiri.

Dzimbiri limenelo ndiye nkhani yonse, aise. Pa zithunzi 14 zimene wanditumizira palibe ngakhale chimodzi cha pansi pa galimoto. Pali chiwongolero, mipando, mawilo, ngakhale kiyi, koma pamimba ayi. Chikomekome cha mkuyu. Kumeneko nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti isaterere, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira mkati. Pa MX-5 malo oyamba kuwola ndi m'munsi mwa zitseko, makamaka chakumbuyo pafupi ndi tayala, ndi m'mphepete mwa malo olowa matayala akumbuyo. Kuseri kwa mipando kuli timabowo totulutsa madzi ochokera padenga. Tikatsekeka ndi masamba, madzi amasowa kolowera n'kumakhala m'galimoto momwemo. Ukapita, nyamula tochi, ugwade, ugone pansi ngati n'kotheka, usachite manyazi ndi jekete. Pisa dzanja pakapeti kuseri kwa mipando umve ngati pali chinyezi. Ukaona pansi papakidwa phula lakuda latsopano lonyezimira, funsa kuti likubisa chiyani. Dinikiza ndi chala. Pakachita ngati bisiketi yonyowa, tsanzika bwinobwino uzipita, chifukwa kuwotcherera mbali zonse ziwiri kukhoza kudya gawo lalikulu la mtengo wa galimotoyo.

Usanakwere n'komwe basi yopita kumeneko, tenga nambala yake uilembe pa tsamba la boma la mbiri ya MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. N'zaulere. Likuonetsa chaka ndi chaka mamailosi amene inali nawo, pamene inalephera, ndi zimene oyeza anachenjeza. Ukaona mawu oti corrosion, kutanthauza dzimbiri, akubwerezedwa zaka zitatu zotsatizana kenako n'kuzimiririka, ufunse malisiti a amene anakonza. Ulipirenso pang'ono pa HPI, kampani yofufuza mbiri ya galimoto, kuti udziwe ngati ili ndi ngongole kapena ngati a inshulansi anailembapo Cat S kapena Cat N, zizindikiro za galimoto yoonongeka, itachita ngozi, poti yotero, ngakhale ikonzedwe bwanji, pogulitsa amakudula. Dzina ndi adiresi za pa V5C, chikalata cholembetsera galimoto kuboma, zifanane ndi munthuyo ndi khomo limene waimapo. Ndipo umuuze asailize usanafike. Gwira boneti, ikhale yozizira, solola dipisitiki uone oyilo. Injini za NC n'zolimba, zili ndi tcheni m'malo mwa lamba, koma zikayenda ndi oyilo wochepa zimagogoda, ndipo zikayamba kugogoda ndiye kuti zatha.

Wandifunsanso za Mazda RX-8 ija ya mapaundi 1,900, kuti bwanji osatenga imeneyo poti ili ndi mipando inayi ndipo ndi yamphamvu kuposa. Ayi. Imeneyo ndakana ndi manja awiri. Injini yake ndi ya rotary, ilibe mapisitoni, imamwa petulo ngati lole, imatentha oyilo mwadala, ndipo ikakalamba imataya mphamvu ya mkati moti ukaizimitsa itatentha, pafilingi siteshoni mwachitsanzo, imakana kulira. Zolembetsedwa kuyambira kumapeto kwa Malichi 2006 msonkho wake wa pamsewu umapitirira mapaundi 700 pachaka. Mazda anasiya kuipanga mu 2012. Yatchipa chifukwa aliyense amene ali nayo akufuna kuithawa injini isanamufere m'manja.

Ukamawerengera, usangochotsa mtengo wogulitsira pa mtengo wogulira ngati mmene ndinachitira ine. Laisensi yako ya kumeneko ndi ya chaka chatha chomwechi, ndiye a inshulansi akuona ngati mwana wongoyamba kumene, ngakhale unayendetsa zaka 15 pa Chipembere. Funsa mtengo wa inshulansi lero, usanapereke dipoziti. Wonjezera msonkho, MOT, matayala anayi abwino, mabuleki. Ndipo Honda Jazz ija siingachoke, poti ana awiri ndi alamu sangakwane pampando umodzi, ndiye kuti ukudyetsa galimoto ziwiri. Ndalama imeneyo sidzabwerera. Ngati mtima wako ukuvomera kuti ukulipira chisangalalo, monga timalipirira ulendo wa kunyanja, palibe vuto. Koma usakawauze alamu kuti ndi bizinesi, chifukwa nawonso pensulo ali nayo.

Ukagula, manja ako akhale m'thumba. Ndimakudziwa, mwezi usanathe udzafuna ekizozi yaphokoso, mawilo akuda, kuitsitsa pansi. Ndalama iliyonse yoika pa zoterozo imachotsa ina pamtengo wogulitsira, chifukwa wogula wanzeru akaona galimoto yosinthidwa amadziwa kuti mwini wake ankaizunza. Imene imagulika msanga ndi imene ili monga inatulukira ku fakitale, giya yamanja, eni ake ochepa, ndi envelopu yodzaza malisiti a sevisi. Sunga kapepala kalikonse, ngakhale ka babu.

Zoti udzaitumize kuno ukamadzabwerera, ndaseka mpaka kutsokomola. Chiwongolero chili mbali yoyenera, inde, koma msonkho umakwera galimoto ikamakalamba, ndipo ukaphatikiza sitima ndi ulendo wochokera kudoko udzalipira kuposa mtengo wa galimotoyo. Ikadzafika, denga lansalu lija lidzakumana ndi dzuwa la Okutobala, fumbi, ndi mnyamata wa lezala pamalo oimika galimoto mu Limbe. Sipeya yake ku Ndirande sukaipeza, uzidzadikira milungu kuti ichokere ku Johannesburg. Idyere komweko, m'misewu ya ku Yorkshire Dales imene umandionetsa ija, ukatopa nayo uigulitse komweko kwa anthu oidziwa. Za kuno tidzaona Hilux.

Komanso usapupulume. Galimoto zopanda denga kumeneko zimakwera mtengo dzuwa likayamba kuwala, n'kutsika nthawi ya chisanu pamene palibe amene akuzilota. Wogulitsayo akuti pali anthu atatu akubwera Loweruka, koma ogulitsa onse amatero, inenso ndinkatero. Ikapita imeneyi, ina yonga yomweyo ituluka sabata yamawa. Ukadzafuna kugulitsa, udzatembenuze: gula mu Novembala, gulitsa mu Meyi.

Kuno tili bwino. Amayi ako ndinawaona Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, ali ndi mphamvu, kungodandaula mwendo womwe uja. Za galimotoyi sindinawauze, ndipo sindiwauza. Mmisiri wa kunyumba kwako akuti mawindo akwana, watsala ndi zitseko ziwiri zamkati, ndikadutsako Lachisanu ndikujambulira. Upereke moni kwa alamu ndi ana. Unditumizire nambala ya galimotoyo usiku uno ndiione mbiri yake ndekha, ndipo Loweruka ndikufuna zithunzi zinayi za pansi, mbali zonse, tochi itayaka.

Ndine mnzako wakale,
wa ku Chilomoni