Chilengezo: tikumana pa nkhani ya matenda a maluwa a ma orchid

Olima ma orchid nonse,

Loweruka likubwerali 2 koloko masana tikumana pa geti la National Botanic Garden ku Alexandra Park mu Harare, nkhani ndi ya fangasi amene wavuta ndi mvulayi. Tiona black rot ija yodetsa masamba n'kuwoletsa chomera chonse masiku ochepa, timadontho ta Botrytis pamaluwa, komanso Fusarium, amene ukadula tsinde lapansi umapeza kamzere ka pepo kozungulira mkati.

Mubweretse chomera chodwala koma muchimange mu pulasitiki chisapatsire zinzake, lezala yatsopano, ndi $2 ya tiyi. Inu mumapopera mankhwala a kopa pa ma orchid a mtundu wa Dendrobium musajombe, mankhwala amenewo amawononga masamba ake.

Yankhani pano pofika Lachinayi ngati mukubwera.