Mota ya chitseko cha galaja ikakana, yambani mwayeza batire

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni nyumba, malo ogona alendo ndi nyumba zosungiramo katundu kuno ku Kasungu amene anaika zitseko za galaja zoyendera magetsi. Zikundiwawa kuona momwe anthu akutayira ndalama chitseko chikangokana kutseguka. Wina amayamba kudina mabatani a pa mota mwachisawawa ati akuchita reset (kuyambitsanso mota mwatsopano), mpaka kufufuta marimoti onse. Wina amauzidwa kuti bodi, kachipangizo ka magetsi kolamulira mota, yapsa, aitanitse ina ku Lilongwe. Chonsecho nthawi zambiri motayo imakhala ilibe mlandu, ndipo reset iyenera kukhala chinthu chomaliza.

Poyambira ndi pa batire. Mota zambiri zimene tikuika kuno zili ndi batire la 12V mkati, kapena mabatire awiri olumikizidwa kuti apereke 24V, ndipo magetsi a ESCOM a 230V amadyetsa tchaja yake. Mabatire amenewa sakondwa ndi kutheratu mphamvu kawirikawiri. Kuzimazima kwa magetsi ngati kumene kunatigwera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 kumawafoola msanga, komanso kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumawadya moyo. Batire likakwanitsa zaka 2 kapena 3 muzidziwa kuti lakalamba. Zizindikiro zake zimanamiza: nyale ya pa mota imayaka bwinobwino, mukadina rimoti mumamva kuti “thi”, chitseko chimanyamuka pang’ono n’kuima, mwinanso mota n’kumalira. Munthu n’kuganiza kuti bodi yasokonezeka.

Tengani mita yoyezera mphamvu ya magetsi muyeze batirelo. Batire lodzadza, mutalichotsa mawaya, lisonyeze 12.6V kapena kuposerapo pang’ono. Likakhala pa tchaja magetsi alipo, lisonyeze pakati pa 13.5V ndi 13.8V, likapanda kufika pamenepo, vuto lili pa tchaja, pa fyuzi kapena pa soketi. Koma muyeso umene umanena zoona ndi uwu: gwirizitsani mita pa batire, wina adine rimoti. Nambala ikagwa kutsika 11V pamene mota ikukoka, batirelo latha ngakhale limaoneka lodzadza litangokhala. Ngati alipo awiri, sinthani onse pamodzi, chifukwa lakale limapha latsopano. Fyuzi ikapsa, ikani ya nambala yofanana. Zomanga waya kapena pepala lonyezimira la m’paketi ya ndudu m’malo mwa fyuzi ndi zimene zimapsereza bodi yeniyeniyo.

Batire likapezeka bwino, siyani mota muone chitseko. Chitseko chili chotseka, kokani chingwe chofiira chimene chimalendewera pamene chitseko chalumikizana ndi mota, kuti chitsekocho chilekane ndi mota. Musakoke chili m’mwamba, chifukwa ngati sipuling’i yaduka chidzagwa ndi kulemera kwake konse. Chinyamuleni ndi manja kufika m’chiuno, n’kuchisiya. Chitseko chabwino chimaima pomwepo. Chikagwa, kapena chikafuna anthu awiri kuti chikwere, ndiye kuti masipuling’i afooka. Anthu ambiri sadziwa kuti amene amanyamula chitseko ndi masipuling’i, mota imangoperekeza. Sipuling’i wamba imapangidwa kuti itsegule ndi kutseka pafupifupi ka 10,000, ndiye pakhomo pamene amatsegula kanayi patsiku imatha zaka pafupifupi 7. Ndikupempha kwambiri, musamasule kapena kumanga sipuling’i ndi zingwe zake nokha. Imakhala yokungidwa mwamphamvu moti ikaphonyoka imathyola zala ndi nsagwada. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa zitseko amene ali ndi zitsulo zake.

Zimene mungachite nokha ndi kusesa njanji zam’mbali, kuona ngati zapindika pogundidwa ndi galimoto, ndi kudontheza oyilo wopepuka pa mahinjesi, pa timawilo ndi pa sipuling’i. M’njanjimo musapakemo girisi kapena oyilo wakuda wa mu injini. Ndi fumbi lathu la chilimwe, girisi amasanduka phala la mchenga limene limapala timawilo.

Mvetserani kalilidwe ka mota, kamanena zambiri. Ikamazungulira koma chitseko osasuntha, mwina wina anakoka chingwe chofiira magetsi atazima n’kuiwala kubwezera. Apo ayi, giya ya pulasitiki ya mkati yatha mano, ndipo mupeza zinyenyeswa zoyera mukatsegula chivundikiro. Mota yopanda batire ikamangong’ung’uza osazungulira, kayikirani kapasita, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira, koma musaigwire ndi manja chifukwa imasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi. Ikangoti zii itagwira ntchito kangapo motsatizana, yatentha. Ipatseni mphindi 20 kapena 30 izizire. Chitseko chikamatseguka bwino koma n’kumakana kutseka, kapena kutsika pang’ono n’kubwerera, pitani pa timaso tiwiri tozindikira chinthu chimene chatchinga khomo, timene timakhala m’munsi mwa khomo, pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi. Tipukuteni ndi kansalu kouma, chotsani ulusi wa akangaude, ndipo tiwongoleni tiyang’anizane mpaka nyale zake zisiye kuphethira. Osatidula waya kuti chitseko chiyende. Timeneti ndi timene timapulumutsa mwana akathamangira pansi pa chitseko.

Tsegulaninso chivundikiro cha mota mutazimitsa magetsi. Nyerere, analimata ndi mavu amakonda kufunda kwa m’bokosimo, ndipo nalimata mmodzi akagona pa bodi amagundanitsa magetsi. Sesani ndi kabulashi kouma, tsekani mabowo olowera mawaya. Za rimoti n’zachidule: ngati batani la pakhoma likugwira koma rimoti ayi, sinthani kabatire kake, kaya ndi 23A kaya CR2032. Ikamagwira pokhapokha mwafika pafupi, wongolani kawaya ka eriyo kalendewere, ndipo yesani kuchotsa babu la LED lotchipa limene lili pafupi, chifukwa ena amasokoneza mafunde a rimoti.

Tsopano za reset. Ilipo ya mitundu itatu ndipo anthu amaisakaniza. Yoyamba siifufuta kanthu: zulani pulagi, chotsani waya wa batire, dikirani mphindi imodzi, bwezerani batire, wofiira pa + ndi wakuda pa -, kenako pulagi. Magetsi akabwera mwamphamvu kapena akamaphethira, nthawi zambiri imeneyi imakwanira.

Yachiwiri ndi yophunzitsanso mota malire, kutanthauza pamene chitseko chimathera potseguka ndi potseka. Imafunika chitseko chikamasiya mpata pansi, chikamagunda simenti n’kubwerera, kapena mukasintha sipuling’i, tcheni kapena lamba. Bwezerani chitseko pa mota mpaka mumve chakola, chotsani galimoto ndi ana pakhomo, lowani pa malo oikira malire monga buku la motayo likunenera, ndipo musiye chitseko chimalize ulendo wake wokwera ndi kutsika osachidukiza. Mabatani amasiyana, a Centurion si ofanana ndi a mitundu ina, choncho musatengere za mota ya anansi. Pamenepa pali msampha: pali poonjezera mphamvu ya mota, ndipo amisiri ena aulesi amaikweza mpaka kumapeto kuti chitseko cholemera chiyende. Lero chiyendadi, koma giya ikutha, ndipo chitsekocho sichidzabwereranso chikapana munthu.

Yachitatu ndi yobwezera mota mmene inachokera ku fakitale. Imafufuta malire, ndipo pa mota zambiri marimoti amafufutikanso kapena amakhala ndi batani lawolawo lowafufutira. Musanaichite sonkhanitsani marimoti onse a pakhomo kuti muwalowetsenso limodzilimodzi. Kufufuta marimoti n’koyenera ina ikatayika, wantchito akachoka nayo, kapena mukalowa nyumba ya lendi imene munali anthu ena.

Mukamaliza reset iliyonse, gonekani thabwa lokhuthala masentimita 4 kapena 5 pakati pa khomo n’kutseka. Chitseko chikaligunda chibwerere m’mwamba chokha. Chikalipanikiza, ntchito sinathe. Bwerezani muyeso umenewu mwezi uliwonse.

Bodi imapsadi, makamaka ndi mphenzi za dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo imadziwika ndi fungo komanso malo akuda. Mvula isanayambe, ikani choteteza magetsi pa soketi ya mota ndipo wamagetsi wovomerezeka ndi MERA akuonereni ngati waya wa ethi ukufikadi m’nthaka. Kwa amene mumagulitsa ndi kuika mota zimenezi ku Kasungu, Santhe, Mtunthama mpaka ku Nkhamenya, chonde musamachoke ndi buku la mota m’chikwama mwanu. Lisiyeni kwa mwini nyumba, lembani tsiku loika batire pa batirepo, ndipo muonetseni mlonda wa pakhomopo kakokedwe ndi kabwezeredwe ka chingwe chofiira musanalandire malipiro.

Mmisiri wa zitseko ndi mageti a magetsi,
Kasungu