Usamalire wekha, mwana wanga

Matero, Lusaka

Naphiri mwana wanga,

Ndati ndilembe chifukwa pafoni umangoti "ndili bwino amama" kenako n'kudula. Mng'ono wako wandiuza kuti chimwalirireni bambo a ana ako tulo sukuliona, usiku wonse umakhala ndi foni m'manja kumvetsera aneneri, ndipo wayamba kutumiza ndalama zogulira mafuta odzozera. Usamukalipire, ndine ndinamuumiriza kuti anene.

Za mafutawo sindichulutsa gaga m'diwa. Yakobo amawatchuladi pamutu 5 wa kalata yake, koma kawerenge wekha. Akuti wodwala aitane akulu a mpingo, abwere adzamupempherere, ndipo abale azipemphererana. Mtengo palibe pamenepo, nambala yotumizirako ndalama palibenso. Akulu a mpingo ndi anthu okudziwa, amene anagona pasiwa pako. Nanga munthu wa pa Facebook, wosadziwa ngakhale dzina la malemu, wadziwa bwanji kuti anawapha ndi alamu ako? Mawu amenewo usawanenenso pamaso pa ana. Mawa adzawafuna achibale a bambo awo.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi a Chigwirizano a kudera kwanu ku Chawama amakumana Lachinayi masana, ndipo afika kale pakhomo pako n'kupeza chitseko chotseka. Uwatsegulire. Ukapanda mphamvu yoyenda, iwo ndi okonzeka kudzachitira kwanu.

Ukudziwa mmene timachitira kuno. Timakhala pamphasa, wina pampando, mbaula ili pakona kukazizira. Baibulo limayenda dzanja ndi dzanja, aliyense vesi lake. Malaiti akathima wina amaunikira ndi tochi ya foni. Pali agogo ena amene maso anafooka, koma mavesi ali m'mutu, moti ukadumpha liwu amakubweza pomwepo. Wina akaphunthwa pa dzina la mfumu ya ku Asuri tonse timaseka, ndipo ndaonapo mayi wamasiye akuseka koyamba pa zoterezi, mwiniwake n'kudabwa.

Mwina uti kuwerenga ungathe wekha, sukulu unaphunzira kuposa ine. Zoona. Koma munthu wosweka mtima akatsegula Baibulo yekha pakati pa usiku, maso ake amathamangira mavesi omuweruza. Amangozungulira pa funso limodzi lakuti ndinalakwanji. Pagulu, mnzako ndi amene amasankha powerenga, ndipo umamva mawu amene wekha sukanawafuna. Ndikufuna tsiku lina akuwerengere Salimo 88. Wolemba wake akudandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo akutsiriza ali mumdima, wopanda chitonthozo. Salimo limeneli sanalichotse m'Buku. Choncho amene akukuuza kuti kulira kwako n'kuchepa kwa chikhulupiriro sanawerenge bwino.

Ndikudziwanso kuti pemphero likukukanika. Ukagwada pakamwa pamauma. Zisakuopse. Pa Marko mutu 2, munthu wofa ziwalo uja sanayende yekha kupita kwa Yesu. Anamunyamula anzake anayi, nasasula denga, namutsitsa, ndipo Marko akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Panopa uli pamphasa ndiwe. Lola ena agwire m'makona. Ukhoza kukhala duu msonkhano wonse osanena kanthu, iwo azipemphera, iwe uzingomva dzina lako likutchulidwa pamaso pa Mulungu ndi pakamwa pa munthu wina.

Izitu sizinayambe ndi ife. Mpingo wathu wa Reformed unayambira ku Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo Buku Lopatulika lonse linatuluka m'chinenero chathu mu 1922. Masiku amenewo mabuku anali ochepa, odziwa kuwerenga analinso ochepa. Agogo ako anawadziwa Malemba ndi makutu, mmodzi akuwerenga mokweza ena atazungulira. Tinabwera nawo mwambowu ku Lusaka kuno, ndipo ndi umene unatisunga titasiya abale kum'mawa.

Sindikuti amayi aja ndi angelo. Alipo a pakamwa poyabwa, alipo ofulumira kukufotokozera chifukwa chake Mulungu anawatenga amuna ako. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri aja anakhala naye chete; zinasokonekera atayamba kulongosola. Wotere ungomuyankha kuti "zikomo amayi" n'kumusiya. Za mumtima mwako suyenera kuuza gulu lonse. Sankha mmodzi kapena awiri, kapena amayi abusa.

Thupi nalo usalitaye. Eliya atathawira kuchipululu n'kupempha imfa, mngelo anayamba ndi kumupatsa mkate ndi madzi, iye nagonanso. Mapiritsi ako a BP uzimwa tsiku lililonse, ngakhale wina akuuze kuti wachira. Kusagonaku ukakunene kukiliniki, ndipo akakutumiza ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama usachite manyazi, chifukwa amathandizanso anthu amene chisoni chawalemera. Maganizo ofuna kudzivulaza akakufikira, undiimbire nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Sindikulonjeza kuti pofika Khirisimasi udzakhala utachira. Za bambo ako zinanditengera zaka, ndipo mpaka lero pali nyimbo imene sindiimaliza.

Lachinayi likubwerali ndikwera minibasi m'mawa, ndikasinthe m'tauni, ndifike kwanu nthawi ya nsima isanakwane. Ndibweretsa ufa, nsinjiro ndi chibwabwa. Usavutike n'kukonza m'nyumba, ndidzasesa ndekha. Ungofunafuna Baibulo la malemu lija, mwana wako wamkuluyo adzatiwerengere, paja akuti kusukulu amawerenga bwino. Tikadya tidzapitira limodzi kwa amayiwo, ndipo ukadzatopa tidzabwerako msanga.

Undiperekere moni kwa adzukulu anga.

Ndine mayi ako.