Casablanca si kanema wa chikondi chabe, a Mkonzi

A Mkonzi,

Ndalemba kaamba ka nkhani ija munaika pa tsamba la zosangalatsa yokamba za makanema akale achikondi. Nditaona dzina la Casablanca pa mndandanda wanu ndinakondwa kwambiri, koma timizere titatu tokha timene munampatsa tija tinandisiya ndi njala. Munangoti ndi nkhani ya mwamuna amene mkazi anamuthawa pa sitesheni ya sitima ku Paris, kenaka nkudzakumananso mkaziyo ali ndi mwamuna wina, basi kwatha. Zimenezo zilimodi, sindikukana ayi, koma kanemayu ine ndamuonera kangapo ndipo nthawi iliyonse chimene chimandigwira mtima ndi anthu aja akhala m'matebulo a kumbuyo mu bala ya Rick, mwamuna wothawidwa uja, anthu odikira mapepala othawira nkhondo, ndipo ife a mu Lusaka tiyenera kuwadziwa anthu amenewa kuposa wina aliyense.

Kanemayu anajambulidwa mu 1942, kuyambira pa 25 May mpaka kumayambiriro kwa August, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati, palibe amene ankadziwa kuti Hitler adzagonja. Ife tikuonera manje tikudziwa mathero a nkhondoyo, iwo sankadziwa. Ndipo sanapite ku Morocco, kumene kuli mzinda wa Casablanca, ngakhale tsiku limodzi, pafupifupi zonse anajambulira mu situdiyo ya Warner Bros. ku Burbank, California. Ndege ija ya kumapeto inali kachidole ka makatoni, anaika anthu afupiafupi ovala maovololo kuti izioneka yaikulu, nkufukiza chifunga kuti bodzalo lisaoneke. Nkhaniyo inachokera ku sewero la Murray Burnett ndi Joan Alison limene linali lisanaseweredwe pabwalo, kampani inagula ndi madola 20,000. Burnett anapita ku Vienna mu 1938 chaka chomwe Hitler anameza Austria, anaona ndi maso ake mmene Ayuda ankavutikira kufuna njira yothawira. Ndiye muone kuti muzu wa nkhaniyi ndi kuthawa, chikondi chinamera pamwamba pake.

Tamvani za anthu amene anasewera. Pa onse amene maina awo analembedwa pa kanemayu, obadwira ku America anali atatu chabe, Humphrey Bogart amene ndi Rick, Dooley Wilson ndi Joy Page. Ingrid Bergman, amene ndi Ilsa, mkazi uja anathawa Rick, anali wa ku Sweden. Wotsogolera, Michael Curtiz, anabadwira ku Budapest. Woika nyimbo, Max Steiner, ku Vienna. Peter Lorre, uja amaba mapepala nkugwidwa koyambirira, anali Myuda amene anachoka ku Germany mu 1933. Paul Henreid amene ndi Laszlo, mwamuna wa Ilsa mu kanema anali atachoka ku Austria ndipo ankadana ndi chipani cha Nazi poyera. Koma amene amandipweteka mtima kwambiri ndi Conrad Veidt, uja wavala yunifolomu ya Major Strasser, munthu woipa wa mu kanemayu. Bamboyu anali katswiri wamkulu ku Germany kwawo, mkazi wake anali Myuda, ndipo mu 1933 anasankha kuchoka naye mmalo momusiya, anapita ku Britain nkupereka chuma chake chochuluka kuthandiza nkhondo yolimbana ndi Hitler. Kufika ku Hollywood ntchito imene ankampatsa ndi yovala malaya a anthu omwewo amene anamuthamangitsa. Anamwalira mu April 1943 ndi matenda a mtima ali ndi zaka 50, sanaone kugwa kwa Hitler. Mukaganiza zimenezi simungamuone chimodzimodzi akamalowa mu bala muja.

Ndiye pali malo aja amene aliyense woonera amawakumbukira, asilikali a Germany ayamba kuimba nyimbo yawo pa piyano mokweza, Laszlo nkupita kwa oimba kuwauza aimbe nyimbo ya fuko la France, bala yonse nkuimirira mpaka mawu a asilikali aja kumira. Kamera imafika pankhope ya mtsikana wina, Yvonne, misozi ili chuchuchu m'masaya koma akuimbabe. Mtsikana ameneyu dzina lake lenileni ndi Madeleine Lebeau, anali ndi zaka 19. Mu June 1940 iye ndi mwamuna wake Marcel Dalio anathawa mu Paris asilikali a Germany ali pafupi kulowa, anafika ku Lisbon, anadikira miyezi kuti apeze maviza a ku Chile, sitima itaima ku Mexico zinadziwika kuti mavizawo anali achinyengo, anangokhala pamenepo opanda kolowera mpaka atapeza mapasipoti ongoyembekezera a ku Canada ndi pomwe analowa mu America. Dalio uja ku France anali dzina lalikulu, mu Casablanca ndi uja amazunguza gudumu la njuga ndipo dzina lake silinalembedwe nkomwe. Manje ndiuzeni a Mkonzi, mtsikana amene wadutsa m'zimenezo zaka ziwiri chabe zapitazo, mukamuuza aimbe nyimbo ya dziko lake limene lili m'manja mwa adani, pafunika kumuphunzitsa kulira?

Ndikambe chifukwa chake ndikulimbikira chonchi. Ine ndimakhala ku Matero. Mu April 2016 muja mphekesera zitabuka zakuti alendo ndiwo akupha anthu mwamwambo, anthu anayamba kuthyola mashopu a anthu a ku Rwanda, ku Zingalume, ku George, kuno kwathu ndi m'makomboni ena. Pafupi ndi nyumba yathu pali kantemba ka banja lina la ku Rwanda, akhala pamenepo zaka zambiri, ana awo anabadwira pano ndipo Chinyanja amakamba kuposa ine, akazi anga ankatengako shuga ndi saladi pa ngongole mwezi ukafika pakati. Usiku umenewo cha m'ma 21 koloko tinamva kugogoda pa chitseko cha kumbuyo, pang'onopang'ono, ngati munthu akuopa chitseko chomwecho. Anali mayi wa pa kantemba paja, mwana kumsana, wina kudzanja, alibe nsapato. Sanabwere ndi ndalama kapena zovala. M'manja munali pepala la pulasitiki lija la buledi, atalikulunga kangapo nkumanga ndi mphira, mkati muli makhadi awo a othawa kwawo, makhadi a sikelo a ana ndi kalata ina yopindapinda yoti m'mapindo mwake inayamba kung'ambika. Anapatsa akazi anga nkunena kuti amayi ndisungireni izi, katundu atenge koma izi zikapita ndiye kuti ife kulibe. Akazi anga anakaika pansi pa ufa mu ndowa. Anagona pa mphasa kukhitchini masiku awiri, malaiti ozima, mwana akakhosomola mayiyo ankamutseka pakamwa ndi chitenje. Ena mazanamazana anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius ku Rhodes Park.

Madeleine Lebeau anamwalira pa 1 May chaka chomwecho ku Spain, ali ndi zaka 92, patangopita masabata awiri chichitikireni zimenezi. Nditaoneranso kanemayu pambuyo pake ndinaona zimene kale ndinkangodutsa. Nkhani yonse imazungulira pa mapepala awiri odutsira amene abisidwa mu piyano ya Sam, woimba wa mu bala muja, anthu akuphana chifukwa cha mapepala, mayi wina akugulitsa dayamondi zake pa mtengo wa tomato, kamtsikana ka ku Bulgaria kongokwatiwa kumene kali pafupi kudzipereka kwa mkulu wa apolisi kuti iko ndi mwamuna wake apeze chidindo. Ine ndinaona ndowa yathu ya ufa ija. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, ndipo anthu a mu kanemayu ambiri anali madokotala, ochita malonda, anthu a nyumba zawo, amene sanalotepo kuti tsiku lina adzakhala pa mzere kupempha chidindo.

Mzinda wathu uno wakhala malo odikirira kuyambira kale. Pa nkhondo yomweyo anthu a ku Poland, ambiri amayi ndi ana, anabweretsedwa mu Northern Rhodesia nkuikidwa m'makampu kuno ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa, ku Abercorn imene manje ndi Mbala, ndi ku Fort Jameson kwathu ku Chipata. Titalandira ufulu mu 1964 a Kaunda anatsegula chitseko, a ANC anakhala pano zaka zambiri ndi a Oliver Tambo, a ZAPU ndi a Joshua Nkomo, a SWAPO, ndipo tinalipira mtengo wake, mu October 1978 ndege za Ian Smith zinaphulitsa kampu ya ku Chikumbi kumpoto kwa mzinda uno, mu April 1979 asilikali ake analowa mu Lusaka mwenimweni kudzagwetsa nyumba ya a Nkomo. Kampu ya othawa kwawo ya Mayukwayukwa ilipo kuyambira 1966, Meheba kuyambira 1971, anthu a ku Mozambique anakhala ku Ukwimi ku Petauke, a ku Congo ali ku Mantapala. Kodi m'mabala a ku Lilanda, ku Chilenje ndi ku Mtendere m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 munalibe azondi, mapasipoti abodza, anthu okhala ndi maina awiri, atsikana athu amene anakondana ndi anyamata omenyera ufulu nkutsala ndi mwana pamene mwamuna waitanidwa usiku osatsazika? Ana amenewo alipo, ndi akuluakulu manje, tikwera nawo minibasi.

Sindikuti kanemayu alibe chilema, ndipo ichi chimandiwawa chifukwa ndimamukonda. Nkhani ikuchitikira mu Africa koma mwini dziko simumuona. Anthu a ku Morocco ali ngati makatani, ogulitsa pa msika, mlonda wa pakhomo, palibe amene afunsidwa maganizo ake pa nkhondo imene yabwera pakhomo pake kapena pa Afalansa amene akumulamulira. Munthu wakuda mmodzi amene ali ndi mbali yooneka ndi Sam, ndipo Dooley Wilson anaisewera ndi ulemu wake wonse, munthuyu anali woimba ndi woliza ng'oma, piyano sankaidziwa, ankangoyendetsa zala wina akuliza pambali, koma mawu aja ndi akeake. Komabe kumapeto bala ikagulitsidwa Sam amangotsalira momwemo, palibe womufunsa ngati naye akufuna ndege ya ku Lisbon. Kumapeto komweko Rick ndi Renault, mkulu wa apolisi uja, akamba zopita ku Brazzaville kukalowa gulu la Afalansa okana kugonja. Ambiri sadziwa kuti Brazzaville inakhala likulu la gululo chifukwa cha munthu wakuda, Félix Éboué, bwanamkubwa wa Chad, amene mu August 1940 anaima ndi de Gaulle, mtsogoleri wa gululo, pamene akuluakulu ambiri achizungu anagwadira boma la Vichy, boma la France limene linagonjera Hitler. Agogo anga aamuna anali msilikali wa Northern Rhodesia Regiment, anapita mpaka ku Burma, anabwerako ndi chifuwa chimene sichinapole ndi kabokosi ka chitsulo kamene munali mendulo. Ife timadutsa mu Burma Road tsiku ndi tsiku, timatchula Arakan Barracks, Gondar Barracks ku Chipata, Tug Argan ku Ndola, ana athu akuganiza kuti ndi maina chabe, osadziwa kuti ndi malo kumene agogo awo anakhetsa magazi pa nkhondo yomweyi.

Za mphoto ndingodutsa, poti ndi zimene aliyense amalemba. Kanemayu anaonetsedwa koyamba ku New York pa 26 November 1942, anafulumizitsa chifukwa asilikali a America ndi Britain anali atangotsika ku North Africa mwezi womwewo dzina la Casablanca lili m'manyuzipepala onse, ndipo mu 1944 anapata ma Oscar atatu, kanema wopambana, wotsogolera, ndi olemba amene ndi mapasa Julius ndi Philip Epstein pamodzi ndi Howard Koch. Koch yemweyo patapita zaka zochepa anatsekeredwa ntchito ku Hollywood pomuganizira za chikomyunizimu mpaka anasamukira ku England, naye analawa kukhala mlendo.

Pempho langa ndi ili a Mkonzi. Mupatseni kanemayu tsamba lathunthu, mulembe za a Veidt, a Lebeau ndi a Dalio, osati Bogart ndi Bergman okha. Ndipo mutume mtolankhani wanu mmodzi ku Lilanda ndi ku Chilenje akakhale pansi ndi amayi okalamba amene anasunga omenyera ufulu m'nyumba zawo, akadali moyo, chifukwa chaka chilichonse tikuika m'manda awiri atatu ndipo nkhani zawo zikupita nawo. Achinyamata athu opanga makanema ali ndi makamera abwino kuposa amene Curtiz anali nawo, awerenge zimenezo mu nyuzipepala yanu mwina mmodzi adzadzuka nkujambula.

Banja la pa kantemba lija linabwerera, anakhomanso mashelefu, pepala la buledi lija tinawabwezera lili ndi ufa m'mbali. Ndinawakambira mayi aja za mtsikana wolira poimba uja ndipo ati afuna amuone ndi maso awo, ndiye Loweruka likubwerali malaiti akakhalapo tidzaonera kwathu, mwana wanga wamkazi ndiye azimasulira.

Ine muwerengi wanu,
wa ku Matero, Lusaka